Kuledzera ndi Madzi a Pampopi

Lolemba

Atsala masiku asanu ndi limodzi. Lamulungu likubwerali ndikwanitsa chaka chathunthu osalawa kachasu, ndipo ba sisi Esinati abweretsa Tasila wanga kuchokera ku Chelstone, adzakhalenso nane kuno ku Kabwata. Tinapangana choncho tsiku lija anadzamutenga, ine ndili gone pakhomo. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Bambo ake ali kumigodi, salemba kalata, asiyeni.

Zochita sabata ino:
- kusoka katani ya pakona pake pogona
- kupeza sopo (paliponse pali mzere, ima kaye, ufunse pambuyo)
- kuyanika matiresi
- kusaganiza kwambiri
- filimu!

Inde, filimu. Ba Lameki, aphunzitsi aja anapita kukosi kunja n'kubwerako ndi ndevu ndi kamera, anandimva ndikupereka umboni kutchalitchi. Lero afika pamakina anga osokera kumsika, chipewa m'manja. Akupanga filimu yawoyawo, yopanda boma, yopanda bwana, ya mayi amene asiya mowa chifukwa cha mwana. Akufuna ine ndikhale mayiyo. "Amake Tasila, nkhope yanu ili na mbili." Sindikudziwa ngati kumeneku n'kuyamikira.

Ali ndi timafilimu titatu, kalikonse mphindi zitatu basi. Koyamba kugwa, kachiwiri mwana, kachitatu kudzuka. Kamerayo sigwira mawu.

Ndavomera. Manja anga sakukhazikika sabata ino, bola ndiwapatse chochita. Ba sisi sindiwauza. Adzaone okha pakhoma la holo ya tchalitchi, adabwe.

Lachiwiri

Kujambula koyamba: mayi woledzera akubwerera kunyumba. Kanjira ka kuseri kwa msika, dzuwa lili paliwombo. M'botolo muli madzi a pampopi. Ndatunga ndekha, ndanunkhiza kawiri.

Ba Lameki akufuna ndidzandire kwambiri. Ndikuwauza kuti chidakwa chenicheni sichidzandira dala, chimayesetsa kuyenda mowongoka ngati msilikali, msewu ndiwo umakana. Akuti zimenezo pafilimu sizioneka. Munthu woti botolo limodzi lokha limamugoneka akundiphunzitsa ine kuledzera!

Akuti ndizilankhula chilichonse, pakamwa pazingoyenda. Ndikutchula mayina a mabuku a m'Baibulo, mokuwa.

Filimu ndi yochepa, choncho tiyeserera kasanu ndi kawiri kamera isanayatsidwe. Kasanu ndi kawiri kugwera mumpanda wa eni! Eni kamera abisala kuseri kwa mtengo wa mango, "kuti bantu basaziwe, vioneke va zoona."

Zaoneka zoona. Bana Mulenga, a khomo loyandikana ndi langa, ataya ndowa ya madzi: "Mayo! Bayambanso!" Ndikufuna ndiime ndifotokoze, koma kumtengo dzanja likukupiza kuti pitirizani, pitirizani. Ndapitiriza mpaka Malaki. Bondo lasupuka.

Lachitatu

Alendo a m'mawa uno:
- amayi atatu a kutchalitchi, nyimbo ziwiri, pemphero lalitali
- mayi wa pashabini yanga yakale, amene sanandipatse moni chaka chonse: "Mpando wako tinasunga."
- kasitomala, kudzatenga nsalu yake isanasokedwe

Onse ndikuwauza kuti ndi filimu. Onse akugwedeza mutu mwachifundo. Amayi a kutchalitchi akundikumbutsa kuti kale ndinkati ndi mankhwala a chifuwa. Zoona, ndinkatero.

Masana tikufuna khanda la kumbuyo. Ba Lameki ayenda nyumba zisanu kupempha. Ndani angandipatse mwana wake sabata ino? Abwerako ndi dzungu. Ndalibereka ndi chitenje, kachipewa ka ulusi pamwamba. Kulemera kwake ndi kwa Tasila ali ndi miyezi isanu, mpaka msana wakumbuka wokha n'kuyamba kugwedeza. Ndaima kaye, misozi yayamba kutsika. Ba Lameki: "Musalile manje, kamela sinayambe!"

Kamera yayamba. Mfundo ya chitenje yamasuka. Dzungu pansi, phwa! Kachipewa uko. Mayi wogulitsa makala wakuwa mpaka msika wonse watembenuka. Bana Mulenga aonera patali, manja kumutu, athawira m'nyumba osafika pafupi.

Mlamu wawo ndi kondakitala wa minibasi ya ku Chelstone. Ndangokumbukira tsopano lino. Mulungu wanga!

Dzungulo ndaphika. Ndalephera kudya.

Lachinayi

M'tauni, Cairo Road. Lero mayi uja wasiya mowa, akudutsa pakhomo la bala osacheuka. Ichi ndicho chithunzi chokha chimene ine ndikufuna, chimene ba sisi ayenera kuona. Ndavala diresi la kutchalitchi, nsapato ndapukuta.

Ba Lameki andiimika pakhomo la sitolo ina, tidikire dzuwa lituluke mumtambo. Ndaima. Kumbuyo kwanga kwaima mayi wa dengu. Kumbuyo kwake bambo wa tayi. Posakhalitsa mzere wafika pakona n'kukhota. "Kuli chani?" "Ati saladi yabwela." Wina akuti si mafuta ophikira, ndi shuga. Ndikuwauza kuti palibe chilichonse, ndi filimu chabe. Akuti ndikufuna ndigule ndekha. Mwini sitolo watseka chitseko ndi mantha, zomwe zatsimikizira onse kuti katundu alimo.

Kenako amuna awiri a chipani aona munthu wandevu akuloza kamera pamzere wa anthu. Kazitape! Watumidwa ndi adani a dziko akaonetse kunja kuti kuno tilibe mafuta! Ba Lameki akufotokoza za luso, m'Chingerezi chachitali, ndipo zinthu zaipiraipira. Amunawo atafunsa kumene tikhala, alanda kamera, aipereka kwa a tcheyamani a chipani a kwathu ku Kabwata.

Popita kukakwera basi ndadutsa pakhomo la bala lija. Sindinacheuke. Palibe wajambula.

Sopo sindinapeze.

Lachisanu

A tcheyamani akuti kamera abweza, pokhapokha:
- filimu ionetse kuti mayiyo wasiya mowa atamva mawu a tcheyamani pamsonkhano
- tcheyamaniyo akhale iwo
- mayiyo akhale akazi awo, "chifukwa uyu tamvela ati anayambanso"

Ba Lameki akhala pasitepe yanga, mutu m'manja, akuti luso lafa m'dziko muno. Ndawapatsa tiyi wopanda shuga. Amwa makapu awiri, ali chilirire.

Masana kondakitala uja wabweretsa kapepala. Dzanja la ba sisi, zilembo zowongoka: "Ndamva zonse, ngakhale za mwana wa eni amene unagwetsa. Usavutike kukonza pogona."

Ndawerenga kanayi. Ndasesa nyumba yosesa kale. Ndakhala, ndaimirira, ndatuluka. Miyendo yanditengera yokha kumene imadziwa, mpaka fungo lija la kachasu landipeza, malovu adzaza m'kamwa. Mutu ukuti: Kabwata yense wakumwetsa kale, mwana sabwera, ukusungira ndani? Ndaima pangalande nthawi yaitali. Mayi wa pashabini akupukuta mpando ndi chitenje chake, akundiyang'ana.

Ndabwerera. Chifukwa chake sindikuchidziwa bwino, sindinaganize chilichonse chanzeru. Ndangotembenuka. Kunyumba ndasoka katani, mzere wakhota, ndamasula, ndasokanso.

Loweruka

Ulendo wa ku Chelstone, ba Lameki akhale mboni yanga. Minibasi tidikira maola awiri. Pasiteshoni asowa pang'ono, abwerera maso akuwala, akuti amakagula nyuzipepala. Nyuzipepala m'manja mulibe. Sindinaganizepo kanthu, mutu uli pa zimene ndikanene.

Ba sisi atilandirira pakhonde, yunifomu ya unamwino isanavulidwe. Tasila amutuma kwa anzake. Ndangoona msana wake akutuluka pageti. Watalika.

Ndikufotokoza: m'botolo munali madzi, mwana anali dzungu. Ndikudzimvera ndekha mmene zikumvekera. Ba sisi akuti chabwino, tione filimuyo. Mboni yanga yatsegula pakamwa:
- filimu sioneka isanatumizidwe kunja kukatsukidwa, miyezi itatu
- pakali pano ili kwa a tcheyamani
- ngakhale itabwera, madzi ndi kachasu pachithunzi n'chimodzimodzi
- ndipo ndadzandira bwino kwambiri, "monga muntu wozibila"

Ba sisi akweza mphuno. "Pali wamene anunkha moba pano." Andiyandikira. Adutsa. Afika pa ba Lameki, aima pomwepo. Botolo limodzi, akuti lolimbitsa mtima. Mboni yanga!

Awauza akadikire kumsewu. Ine andisunga. Sakukalipa, bola akanakalipa. Akuti mwina ndikunena zoona. Mwina. Koma mwana anamva kondakitala akufotokoza pageti, ndipo anakalowa m'nyumba n'kutulutsa zovala zake musutikesi, kuzibwezera m'kabati chimodzichimodzi, osauzidwa ndi munthu, osalira. "Iwe unaganiza za filimu. Za yeve unaganiza?"

M'minibasi ba Lameki agona paphewa langa mpaka m'tauni.

Lamulungu

Chaka chakwana. Palibe nthungululu. Kutchalitchi anditchula dzina popemphera, kuti ndidzuke pamene ndagwa. Ndati ameni. Ndatopa kufotokoza.

Ba Lameki akuti filimu yawo ina idzakhala ya njanji, yopanda anthu. Akazi a tcheyamani ayamba kale kuyeserera kudzandira kuseri kwa nyumba yawo. Amene aona akuti ali ndi mphatso.

Chigamulo cha ba sisi: tidikire sukulu itseke, tione. Miyezi ina iwiri. Sindinatsutse. Ndikanakhala iwo, ndikanati itatu.

Komabe abwera naye Tasila, masana okha, wopanda sutikesi. Iwo akhala panja ndi bana Mulenga, amene tsopano akulumbira kuti anadziwa kuyambira pachiyambi kuti linali dzungu.

Tasila wakhala m'mphepete mwa mpando ngati mlendo, manja pamaondo. Ndamufunsa za sukulu. Bwino. Za anzake. Bwino. Ndagwada kuti ndimumangire chingwe cha nsapato. Iye akuti kolala yanga yapindika, aikonze. Kolala ilibe vuto. Wasendera pafupi, mphuno yake pafupi ndi pakamwa panga, akukoka mpweya pang'onopang'ono kuti ndisazindikire. Luso limeneli ndinamuphunzitsa ndine, osadziwa, zaka zija. Ndangotsegula pakamwa pang'ono, ndamupumira.

"Amama, mununkha anyezi."

"Anyezi chabe?"

Wanunkhizanso, tsopano mosabisa. "Na kapenta."

Wakwera pamiyendo panga, msungwana wamkulu chotere, miyendo yake kufika pansi. Wayamba kufotokoza za mnzake amene amaba choko m'kalasi, nkhani yopanda mutu, yopanda mathero. Mwendo wanga wachita dzanzi. Sindinausunthe, mpaka ba sisi aitana panja kuti basi iwasiya.