Kope Loonetsa Kuti Ndili Bwino

Lolemba

Kope ili andipatsa kuchipatala. Kope! Munthu wapita ndi mutu wowawa, wabwerako ndi kope ngati mwana wa sitandade wani.

Woyambitsa ndi Falesi, mwana wanga wokhala ku Chilomoni. Wangotulukira m'mawa, wandipeza pakhonde ndikusoka. "Bambo, vundikirani makinawo, tikupita ku Chileka." Akuti ndawonda. Akuti ndikuiwalaiwala. Akuti chimwalirireni amayi ake, miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, sindili mmene ndinalili. Zikapanda kusintha anditenga ndizikakhala kwawo ku tauni, makina agulitse. Makina anga! Zaka makumi atatu ndili telala pano pa Lirangwe, lero ndizikawothera dzuwa kuseri kwa mpanda wa eni?

Kuchipatala bipi ili bwino. Malungo palibe. Shuga palibe. Adokotala akuti, "Mukaonane ndi aphungu, chitseko chomaliza."

Aphungu! Ndakonza kolala, ndikuyenda ndikusanja mfundo m'mutu: mjigo wathu wowonongeka, msewu, feteleza. Ndalowa. Aphungu a ku Nyumba ya Malamulo mulibe. Muli mtsikana wa msinkhu wa Falesi ndi mipando iwiri. Jakisoni mulibe, ngakhale fungo la mankhwala mulibe! Akuti iwo ndi opereka uphungu, amacheza ndi anthu amene mtima ukuwalemera. Kucheza kukhala ntchito!

"Mumtima mukumva bwanji, bambo?" Ndati ukugunda.

Amwetulira. Andipatsa kopeli, ndizilemba za tsiku lililonse, ndibwerenso Lachisanu.

Chabwino. Pulani yanga nayi. Ndilemba umboni woti ndili bwino, Lachisanu awerenge, asaine pepala, Falesi aone, nkhani ithe.

Umboni:
1. Ndimadya.
2. Ntchito ndikugwira bwinobwino.
3. Anthu amandilemekeza.
4. Sindinalire, ngakhale kumanda. Afunseni amene analipo.

Lachiwiri

Nambala 3 yavuta.

Lirangwe yense wadziwa! Wina anandiona dzulo ndikutuluka pachitseko cholembedwa Uphungu. Kuno uphungu amaudziwa umodzi wokha, woyezetsa magazi. Ndiye akuti atelala ayezetsa magazi. Ayezetseranji? Akufuna kukwatira!

Ine! Mano otsala ochita kuwerengeka!

Pofika masana pakhonde panga pali zitumbuwa za a Nachisale, namfedwa wa kuseri kwa chigayo, mbale ya futali ya a Esinati a kwaya, ndi nkhuku yamoyo imene mwiniwake sindikumudziwa. Wa kabaza wina wadutsa akuimba belu, "Adala, tidzavine liti?"

A Nachisale akhala pabenchi maola awiri. Alibe chosoketsa. Akungoyamikira mmene ndimapondera makina.

Nambala 1 nayo ili ndi kavuto. Buluku likundivuka. Ndati nsalu za masiku ano zimatamuka. Ndatenga tepi, ndadziyeza m'chiuno kuti nditsimikize. Zaka zonsezi ndakhala wa 36. Tepi ikuti 32. Ndatenga tepi ina, nayonso 32! Matepi awiri angapangane bodza?

Ndikaganiza bwino, dzulo ndinadya chiyani? Tiyi. Dzana? Tiyi ndi chinangwa chimodzi. Koma kumwa tiyi ndi kudyanso. Nambala 1 ikhale.

Lachitatu

Mayo ine!

Lero amayi a kwaya abwera kudzatenga madiresi awo asanu ndi limodzi a ukwati wa mwezi wamawa. Ndinawayeza ndekha, mmodzimmodzi, miyezo ndinalemba pakatoni. Alowa m'chipinda kukayesa. Ndamva zii. Kenako kuseka. Kenako kuseka kwasiya.

Atuluka. A Esinati, owonda ngati bango aja, akusambira m'diresi. A Mbewe diresi lawathera m'khwapa, manja ali m'mwamba ngati agwidwa ndi apolisi. Ena lawafika pansi, ena pamwamba pa mawondo. Palibe ngakhale mmodzi lamukwana!

Ndatenga tepi. Diresi loyamba: chifuwa 40, chiuno 35, kutalika 44. Lachiwiri chimodzimodzi. Onse asanu ndi limodzi chimodzimodzi.

Katoni ndinali nayo pamaso pomwepa. Koma manjawa adula muyezo wina, umene akhala akudula zaka zonsezi osafuna katoni.

Ndi muyezo wa mayi a Falesi.

Amayi aja azindikira. Ankaimba nawo kwaya yomweyo, amadziwa. Avula mwakachetechete, apinda bwinobwino, aika patebulo. A Mbewe akuti, "Musadandaule atelala, ukwati udakali patali." Bola akanandikalipira!

Ndavundikira makina dzuwa likadali pamutu.

Nambala 2 ndiyambe ndaichotsa kaye. Tsamba ili ndiling'amba Lachisanu lisanafike.

Nkhuku ija yaikira dzira m'basiketi ya zigamba.

Lachinayi

Ndaganiza. Ngati ndi malangizo, pano pa Lirangwe alipo ambiri, aulere, ochokera kwa anthu a imvi. Ndipitirenji kwa mtsikana? Ndayenda kuwatolera.

A Kaliwo, ogulitsa nyama ya mbuzi pafupi ndi khonde langa: "Mwamuna salira, achimwene. Masese makapu awiri, mugona ngati mwala."

Akulu a mpingo: "Limbani mtima. Yobu anataya zambiri kuposa inu." Andiwerengera zonse zimene Yobu anataya, mpaka ngamira.

Achimwene anga a ku Kuntaja, pafoni: "Zoti mukukwatira tamva. Mwachita bwino. Koma kutibisira?"

A Nachisale: akuti mankhwala a mutu ndi chakudya chophika munthu wamkazi.

Anthu anayi, malangizo anayi. Onse alankhula, ine ndangovomera kuti eya, eya. Ndabwerako mutu ukuwawa kuposa mmene ndinapitira. Chodabwitsa, za mmene ndikumvera palibe wandifunsa. Ngakhale funso limodzi!

Basi, mawa ndipita, koma wokonzeka. Mayankho ndaloweza:
Mukugona? Kwambiri.
Mukudya? Onani futali.
Mukudandaula? Zonse ndi chifuniro cha Mulungu.

Ndivala chipewa chachikulu chija ndi jekete, ndikakwerera minibasi kutsogolo kwa msika kuti asandione.

Tsamba la dzulo ndagwira kuti nding'ambe. Likang'ambika lichotsanso la kumapeto, kope liwonongeka. Ndalisiya. Ndidzaliphimba ndi chala.

Lachisanu

Sindikudziwa poyambira.

Chipewa sichinathandize. Kondakitala: "Atelala, ku Chileka kwa alamu?" Minibasi yonse kuseka.

Ndalowa, ndakhala, ndapereka kope ndi manja awiri, chala chili pa Lachitatu. Aphungu akuti, "Kopelo ndi lanu, bambo. Ine sindiwerenga, pokhapokha mutafuna." Sawerenga! Sabata yonse ndikukometsera zilembo!

Ndadikira mafunso anga atatu aja. Sanabwere. Angokhala, manja pamiyendo, akundiyang'ana ngati alibe kopita. Chete. Ine chete wotere sindimutha. Ndayamba kulankhula za mazipi a masiku ano, osalimba. Amvetsera za mazipi! Za ulusi. Amvetsera. Kenako, kaya zatheka bwanji, pakamwa panga patuluka madiresi a kwaya, onse asanu ndi limodzi, ndi miyezo yomwe.

Ndadikira kuti anene kuti limbani mtima. Sananene. Akuti, "Dzina lawo anali ndani?"

Dzina! Chichokereni kumanda aliyense amati malemu. Malemu ankatero, malemu anasiya poto. Inenso malemu. Ndayesa koyamba, lakana. Kachiwiri latuluka. Elube.

Nambala 4 yathera pomwepo. Ndalira ngati ng'ombe, ine, mkulu wonse, pamaso pa mwana wa eni, chipewa chili pabondo. Sanatuluke, sananditonthoze, sanayang'ane wotchi. Angosuntha kapu ya madzi kuti iyandikire.

Ndawauza zimene sindinauzepo munthu. Tsiku lija Elube anabwera pakhonde, anati mutu ukundiwawa modabwitsa. Ine ndinati dikira ndimalize kupinda buluku ili. Ndinamaliza bulukulo. Pofika kuchipatala anali atasiya kulankhula.

Aphungu sanati si mlandu wanu, sanatinso ndi mlandu wanu. Afunsa kuti pa zaka zonse zija Elube anadwalapo mutu kangati. Ndati kosawerengeka. Nanga tsiku limenelo ndikanadziwira chiyani kuti uwu ndi wina? Ndamwa madzi aja. Afunsanso, "Akanakhala pampando apa, akanati chiyani za madiresi aja?" Ndaganiza. Akanati, bambo a Falesi, a Mbewe mwawaonapo liti ali 35? Ndaseka! Mamina ali mbwee, ndikuseka!

Pomaliza ndakumbuka pulani. Ndapempha pepala losaina. Akuti pepala lotero kulibe. "Chisoni si malungo, bambo, choti tiyeze tinene kuti chatha. Timangothandizana kuti katunduyo musamasenze nokha." Ndiye ndichira liti? Akuti sakudziwa. Munthu wa kuchipatala kuvomera kuti sakudziwa! Akuti sabata ino ndizidya kawiri pa tsiku, ndiponso ndipeze munthu mmodzi womutchulira dzina la Elube.

Ndatuluka maso ali psuu. Pabenchi, wotsatira pamzere, chipewa chokokera kumaso, kope m'manja: a Kaliwo!

A mwamuna salira!

Tayang'anana. Iwo akuti, "Mvula chaka chino ichedwa." Ndati ichedwadi.

Loweruka

Falesi wabwera kudzaona pepala. Ndavala malaya awiri mkati kuti ndioneke wonenepa. Kutentha kwake!

Ndinakonza zoti ndinene kuti aphungu ayamikira kwambiri, pepala likudikira chidindo. Wakhala pampando wa amayi ake, wafunsa, "Zinayenda bwanji?" Ndamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndamusowa Elube, mwanawe."

Pakamwa pameneka sipakundimveranso!

Falesi wagwira kumaso. Walira mpaka nkhuku yathawa pakhomo. Akuti za ku tauni zija sikuti ankangodera nkhawa ine. Akuti iye akatsika minibasi n'kuona nyumba ino, amalakalaka atabwerera. Amafuna ndisamuke kuti asamabwerenso kuno. Akuti kuntchito amakalirira kuchimbudzi. Pamaliro ankandiona ine ndili gwa, ndiye anati nayenso azikhala gwa.

Miyezi isanu ndi iwiri ndimayesa wofedwa ndine ndekha. Mwana anataya mayi ake, ine osamufunsa ngakhale kamodzi! Ndimati ndikumulimbitsa.

Takhala pamenepo nthawi yaitali. Ndamuuza za buluku lija. Iye wandiuza kuti sabata imeneyo amayi ake anamuimbira foni kawiri, sanayankhe, anali pamzere ku banki. Aliyense ndi buluku lake.

Kenako wandiyang'anitsitsa. "Bambo, mwavala malaya angati?"

Masana tatenga malezala awiri, tayamba kuphwasula madiresi a kwaya. Asanu atheka kukonzeka. La a Mbewe lifunika nsalu ina. Za makina akuti ayamba waimika kaye, bola ndizipita Lachisanu lililonse. Wafunsanso ngati aphungu amalandira anthu a ku tauni.

Tadya nkhuku. Ina, yogula. Ija mwiniwake angatulukire.

Lamulungu

Zotsatira za sabata:
Pepala, palibe.
Jakisoni, palibe.
Mutu, ukuwawabe, koma pang'ono.
Maumboni anayi, agwa onse.
Mbiri ya ukwati, yafika ku Madziabango.

Kutchalitchi ndakhala malo anga a masiku onse, mbali ya abambo, benchi lachitatu. Zonse zimayenda bwino mpaka kwaya yaimirira. Ayambitsa nyimbo imene Elube ankatsogolera. Pamalo pake paima a Esinati. Ndati ndiyang'ane kudenga. Ndawerenga malata. Sizinathandize. Misozi yayambanso, pamaso pa mpingo wonse!

Mpango ndaiwala. Ndapisa m'thumba la jekete, ndapeza kachigamba ka nsalu yatsopano, ndapukuta nako kumaso konse, kangapo.

Potuluka anthu akundipatsa moni mwaulemu wachilendo, maso ali pansi. Akulu a mpingo andigwira dzanja. "Limbani mtima." Ndati, "Sunalimbe, akulu. Mwina chaka chamawa." Andisiya dzanja. A Nachisale andiona, atembenuka msangamsanga, mapewa akugwedezeka. Ndati nawonso yawakhudza nyimbo.

Ndafika kunyumba. Falesi anatsala akuphika. Wandiona pakhomo, wakhala pansi, akuseka mpaka kutsokomola. Wandipatsa galasi.

Nsalu ija ndi yosuluka. Nkhope yonse buluu! Mphumi, masaya, mphuno, ndevu. Ndayenda choncho kuchokera kutchalitchi, kudutsa pamsika, kupereka moni kwa aliyense, ndipo Lirangwe yense, amene sasunga chinsinsi ngakhale cha mphindi imodzi, lero wasunga.

Ndasamba kawiri. M'makutu mukadali buluu.

Basi. Ndine telala wolira, zavomerezeka. Falesi akuti chakudya chapsa, ndipo akuti andiyang'anira mpaka mbale iyere. Ndikadye.