Tiyi wa Matayala

Abale anga, ndiyambe ndanena kuti ine cholinga changa chinali chabwino, kuti pamene mukuseka muzikumbukira kuti mukuseka munthu wa mtima wabwino.

Mliri wa kolona utangovuta kuno ku Dubai, mnzanga wa ku Chipata, a Sakala, anali atapita kwawo ku tchuthi, ndiye ndege zinaimitsidwa iwo ali komweko. Galimoto yawo anaisiya m'manja mwanga ku Discovery Gardens komwe timakhala, akuti ndiziiliza kuti batire isathe. Ine galimoto ndinalibe, laisensi yokha, ndiye mukudziwa mayendedwe a munthu akagwira makiyi a galimoto ya eni. Tsiku loyamba lomwelo ndinati kachilombo kasandipezere m'menemu, ndinatenga sanitayiza ndi nsanza n'kukhuthula chilichonse, m'buti, pansi pa mipando, mpaka m'kakabati ka kutsogolo kaja. M'kakabatimo ndinapeza kathumba kofiira, mkati muli kachitsulo kozungulira, kolemera bwino, kokwana m'dzanja, mbali imodzi kali ndi timizere tokhotakhota. Ndinangoti a Sakala ndi injiniya, anthu amenewa amatola chilichonse.

Tsono masiku amenewo aliyense anali dokotala. Ine mankhwala anga anali tiyi wa jinja, adyo, mandimu ndi uchi, kumwa ine ndi mkazi wanga m'mawa uliwonse osadumpha. Kamtondo tinali nako, koma kamunsi kake kanasowa posamuka. Mwaona kale komwe nkhaniyi ikulowera? Ine sindinaone. Kachitsulo kaja ndinakatsuka ndi sopo n'kukayesa pa jinja, ndipo anthu inu, kanasinja ngati kanapangidwira zomwezo! Miyezi isanu ndi umodzi ndinasinja nako. Ndinafika pokajambula n'kutumiza pa gulu lathu la Amalawi pa foni, ndikudzitama kuti mu Dubai monse ndine ndekha wosinja ndi munsi wa ku Jeremani. A Sakala pa gulu limenelo palibe, apo ayi akanandipulumutsa.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, anali atatha chaka ndi miyezi osamuona mwana wathu, yemwe amakhala ndi mayi ake aang'ono ku Zomba. Ndege zitayambiranso anapeza mpando, koma kuti akwere pankafunika chikalata chosonyeza kuti alibe kolona. Nthawi yoyezetsa anawapatsa imodzi yokha, Lachiwiri 2 koloko masana, pamalo paja poyezera anthu ali m'galimoto momwemo. Kuphonya nthawi imeneyo, zotsatira sizikanatuluka ndege isananyamuke. Masabata awiri mayiwa sanatuluke m'nyumba kuopa kutola kachilombo, chikepe osakwera, pakhomo osasuzumira, sutikesi itatsekedwa kale muli tinsapato ta Tadala.

Lachiwirilo ndinatsika 12 koloko kuti ndikayatsiretu eyakoni, mayi akapeze muli mozizira. Mukuona chikondi? Kufika pa galimoto, tayala la kutsogolo litaphwa, galimoto itagwada mbali imodzi. Ndinawaimbira foni.

"Tingoitana takisi basi, bambo a Tadala," anatero.

"Takisi? Mwadzitsekera masabata awiri kuti mukapume mpweya wa anthu makumi anayi? Ndipatseni mphindi khumi. Ine ndinakulira pafupi ndi garaji ku Ndirande."

Zokulira pafupi ndi garajizo n'zoona, koma chomwe ndinkachita kumeneko n'kugula zitumbuwa kwa mayi wina wogulitsa pageti.

Manati anayi anamasuka mwaulemu, ine mpaka kuimba mluzu m'kati mwa masiki. Kufika pa yachisanu, ndinapeza ndi ina ina: yosalala, yopanda makona, sipanala ikungolowa n'kutuluka osagwira kanthu. Ndinati iyi yachita dzimbiri, ikufuna mafuta. Mafuta ndiwapeza kuti? M'thumba munali sanitayiza. Ndinapopera theka la botolo. Natiyo sinasunthe, koma ndikukutsimikizirani kuti inali nati yaukhondo kuposa zonse mu Dubai.

Kenako ndinakumbukira kuti anyamata a pa garaji aja ankaponda sipanala ndi phazi. Ndinaikokera bwinobwino, n'kukwerapo ndi thupi langa lonseli, thupi loti lakhala miyezi likudya osayenda. Sipanala inapulumuka, ine phii pa phula, buluku kweee kuchokera kumbuyo mpaka pa bondo. Munakhalapo pa phula la Dubai masana, nsalu itachokapo? Ndinadzuka msanga kuposa mmene ndinagwera.

Apa munthu wanzeru akanaitana takisi. Ine ndinatsegula foni n'kupeza vidiyo ya mzungu wina wandevu akuti n'zosavuta, tengani soketi yocheperako pang'ono, muikhomere pa natiyo ndi hamala, kenako mupotokole. M'buti mwa a Sakala zida zinalimo. Kumenya koyamba ndinamenya chala changa chachikulu, ndipo mawu omwe ndinatulutsa sindingawabwereze pano. Kachiwiri ndinamenya limu la tayala. Kachitatu soketi inalowa, ine n'kupotokola, ikuzungulira, ikuzungulira, mtima ukuti tapambana, osadziwa kuti chikuzungulira ndi kamphete ka kunja kokha, natiyo ili phee. Ndinapsa mtima, ndinakweza hamala ndi manja awiri n'kumenya kamodzi kamphamvu.

Alamu inalira.

Kumbukirani kuti nthawi imeneyo aliyense anali pakhomo, wopanda chochita, atatopa ndi ma TV. Makonde onse anadzaza, Amwenye, Afilipino, Aigupto, wina mpaka kutulutsa mpando. Ndiye kunabwera mlonda wa pamalopo, bambo wa ku Nepal yemwe timapatsana moni tsiku lililonse. Koma tsikulo ankaona chiyani? Munthu wovala masiki, kapusi ndi magolovesi, buluku long'ambika, hamala m'manja, akulimbana ndi tayala la galimoto yomwe ikukuwa.

"Galimotoyi ndi yako?" anafunsa ataima patali.

"Ndi ya mnzanga."

"Mnzakoyo ali kuti?"

"Ku Zambia."

Ngakhale ine ndinamva mmene zinamvekera. Anapempha mapepala, ndinatulutsa, dzina la a Sakala. "Khalas, basi zatha," anatero akutulutsa foni, "ukafotokozera apolisi." Nthawi n'kuti ili 10 pasiti 1, ndipo thukuta lomwe linandituluka pamenepo silinali la dzuwa. Ndinaona ndege ikunyamuka mayi a Tadala ali pansi, tinsapato tija tikubwerera m'kabati, chifukwa cha matama anga.

Mayiwo anatsika okha, masiki awiri kumaso, chikwama pa phewa. Mlonda anawafunsa kuti, "Madamu, munthu uyu mukumudziwa?" Abale, mayiwa anatenga nthawi asanayankhe, ndipo nthawi imeneyo ndimaikumbukirabe mpaka lero. Anandiyang'ana kumaso, n'kuyang'ana buluku, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndi amuna anga." Kenako anawaimbira a Sakala pa vidiyo n'kulozetsa foni pa tayala.

"Ba Mbewe, ni chani ichi?" anakuwa a Sakala. "Hamala pa motoka yanga? Iyo nati ni yoletsa bakawalala kuba tayala, siichoka na sipanala. Ili na kiyi yake! Yanganani mu kabati ka kusogolo, muli kathumba ka redi."

Ndinafunsa mwamantha kuti, "Kiyiyo, a Sakala, ndi yooneka bwanji?"

"Kansimbi chabe ka raundi, kolema, ku mbali imozi kali na tumizele."

Panali zii. Ngakhale alamu inasankha nthawi yomweyo kusiya. Mayi a Tadala anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo ngakhale anali ndi masiki awiri ndinaona zonse m'maso mwawo.

"Bambo a Tadala," anatero modekha, "pitani mukatenge munsi wanu wa ku Jeremani."

Ndinathamanga masitepe a nsanjika zitatu, dzanja limodzi litagwira buluku, makonde onse akundiperekeza ndi maso. Ndinakapeza m'kamtondo momwe ndinakasiya m'mawa. Pobwerera ndinapeza mlonda uja wasintha mbali, wasomola kale soketi yanga pa nati, akupukusa mutu. Koma kiyi kulowa ayi, timizere tonse tinali titatsekeka ndi jinja wa miyezi isanu ndi umodzi, wouma gwa. Mayi anazula chipini kumutu n'kuyamba kutokosa, zinyenyeswa zikugwa, foni ali nayo mlonda, a Sakala akuona zonse.

"Nanga ivo vikugwa ni vichani?"

"Ndi jinja, a Sakala."

"Jinja? Mu kiyi yanga?"

"Ndi adyo pang'ono."

Kuseka komwe anaseka bambo amene uja, foni inachita kugwa ku Chipata komweko, ife tikungoona denga. Kiyi inalowa, ndinapotokola kamodzi kokha, nati yomwe ndinalimbana nayo ola lathunthu n'kumasuka ngati sipanachitike kanthu. Mlonda anandithandiza kuika sipeya uku akuti yalla, yalla, kutanthauza kuti fulumirani, ndipo tinanyamuka ine nditakhalira thaulo.

Tinafika kutatsala mphindi zinayi. Mayi atatsitsa galasi, namwino wovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anaweramira mkati, n'kubwerera m'mbuyo msanga. "Adyo!" anatero. Mayi a Tadala osaseka n'komwe anamuyankha kuti, "Ngati mwamva fungo, ndiye inu kolona mulibe. Tiyezeni ife."

Mawa lake uthenga unabwera kuti kachilombo alibe. Mayi anakhala pansi n'kulira, ine n'kulira nawo, chifukwa ndinkadziwa kuti ndinangotsala pang'ono kuwalanda mwana wawo ndi hamala. Koma pakamwa pangapa sipamva. Misozi itangouma ndinati, "Mwaona? Mankhwala anga aja amagwira ntchito." Mayiwo anangodzuka n'kukapinda zovala, ine n'kuganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Patatha masiku atatu foni inalira, vidiyo yochokera ku Zomba. Tadala atakhala pa miyendo ya mayi ake, atawakoleka manja m'khosi, tinsapato tija ali nato kumapazi. Mtima wanga unadzaza. Kumbuyo kwawo ndinkaona apongozi, alamu anga, ndi anthu ena oti sindikuwadziwa n'komwe, onse atatseka pakamwa ndi manja. Mwana wanga anayandikira foni n'kundifunsa mwachidwi chenicheni:

"Adadi, akuti mumawamwetsa amami tiyi wa matayala?"

Zomba yonse inagwa nacho chiseko.

Ndiye ndalumbira, abale anga, ndipo mboni ndinu. Chitsulo chilichonse chomwe ndachipeza m'galimoto ya eni, kaya chikwane bwanji m'dzanja, ndimachisiya pomwe ndachipeza. Tayala likaphwa ndimaitana odziwa, za ku Ndirande sinditchulanso. Ndipo jinja masiku ano ndimangotafuna.