Nyumba ya a Berting Imene Lamulo Linaisowera Dzina

Tsiku limene ndinawaona koyamba a Berting, amene mwaulemu wa kwathu tinkawatcha Nong Berting, anali ataima pakati pa makwerero a tchalitchi atagwira khoma, anthu akuwalambalala ngati chitsa. Ndinayesa akudwala. Akazi awo a Sising, amene mwaulemu womwewo tinkati Nang Sising, anandiuza kuti ndisavutike, amuna awo akudikira kuti magazi akhazikike. Munthu uja sankakwera kanthu kamodzinkamodzi. Ngakhale podzuka pampando ankayamba aima chowerama, ngati akupempha chilolezo kwa mawondo.

Manthawo anali ndi gwero. Paunyamata ankabira m'nyanja kusaka nsomba ndi mkulu wawo, payipi ya mpweya ili kukamwa. Tsiku lina mkuluyo anavuuka mothamanga kuchokera pakuya, magazi anachita thovu, miyendo n'kufa. Kuyambira pamenepo a Berting ankaopa chilichonse: ngole zakugwa m'mitengo, njinga zamoto, tambala wa anansi. Mapeto ake anaganiza kuti malo okhawo kumene kanthu sikangakugwere pamutu ndi pansi pa nyanja. Anagula thanki yakale ku fakitale ya shuga, anaiboola zenera ndi khomo la kunsi, anaimiza pansi pa nyanja kuseri kwa matanthwe n'kuimanga ndi maunyolo. Pampu ya mpweya inali pakhonde kumtunda, woiyang'anira Nang Sising. Akakangana m'mawa, tsiku limenelo a Berting sankatsika.

Kenako boma linamva. Wa khonsolo anadzanena kuti nyumba yopanda chilolezo iyenera kuzulidwa. A Berting anapita kukapempha chilolezocho. Kukhonsolo anawauza kuti nyumba imakhala panthaka, chawocho ndi chombo. Oyang'anira zombo anafunsa ngati chimayenda. Atamva kuti sichiyenda, anati ndiye kuti ndi chombo chomira, ndipo zomira zimavuulidwa. A Berting anapempha madzi akumwa. Potsiriza a meya anawamvera chisoni, nati nyumbayo itsala ngati kampani ya inshuwalansi ivomera kuiteteza.

Kampani inatuma mayi Villaflor, amene anaphunzira kubira m'dziwe la hotela. Anatsika bwinobwino. A Berting anawapatsa mpunga ndi nsomba youma, anacheza nthawi yaitali mayiyo akugogoda makoma. Madzi a m'nyanja atayamba kutembenuka n'kumakoka maunyolo, thanki inabuula ngati ng'ombe yodwala.

"Chimenecho n'chiyani, bambo?"

"Sindikudziwa, mayi. Inenso chimandiumitsa thupi tsiku lililonse."

"Nanga pampu itaima?"

"Ndiye kuti Sising wakwiya."

Mayi Villaflor sanafunsenso. Analuma payipi yawo ya mpweya, anatulukira pakhomo la kunsi lija n'kuyamba kuthawira kumwamba. A Berting, amene anali asanathamangepo chiyambire ukwati wawo, anawapeza pa chingwe chotsikira kuthankiko n'kuwagwira mwendo, kuopa kuti angavuuke mothamanga ngati mkulu wawo uja. Mayiyo anawaponda kumaso, anawakanda, koma dzanja silinamasuke. Analendewera pamenepo awiriwo, maso ali tong'o, osadziwika wamantha kwambiri ndani, mpaka a Berting atakhutira kuti thupi lazolowera.

M'bwato mayi Villaflor analira, kenako anawagwira manja.

"Mwandipulumutsa, bambo. Koma chinthu chimenechi palibe kampani ingachivomere."

"Mukunena zoona, mayi. Ndikanakhala inu, inenso ndikanakana."

Ndiye panayamba kudikira. Injini iliyonse ikalira panyanja, a Berting ankati abwera ovuula. Anawonda mpaka malaya kumawakhuthuka. Kumalo omwera uchema anzawo ankawanyogodola kuti aikwatitse thankiyo kwa mwana wa meya, mwina ipeza dzina. Iwo sankaseka. Ankangoyang'ana kunyanja, chikho chili m'manja chosamwa.

Amene anabwera sanali ovuula. Anali oteteza zamoyo za m'nyanja. Anapeza kuti maunyolo aja amera matanthwe amoyo, ndipo nsomba zikuswana kunsi kwa thanki. Analengeza kuti malowo ndi osungirako nsomba: palibe wololedwa kuvuula kanthu, palibenso wololedwa kulowamo. Nyumba inapulumuka, mwini wake n'kutsekeredwa kunja. Nang Sising anazimitsa pampu, ndipo madzi analowa pang'onopang'ono mpaka kudenga.

A Berting anatisiya nyengo ya namondwe, ali gone pamphasa pawo, popanda chowagwera pamutu. Masiku ano kugombe kwathu anyamata amabira ndi kuvuuka mmene afunira, palibe wowaima kumbuyo n'kumawaopseza ndi nkhani za miyendo yakufa. Amayi awo ndi amene amasowa mtendere, chifukwa mantha a mudzi wonse ankatisenzera munthu mmodzi.

Chaka chawo chomaliza, maso atayamba kuchita nkhungu, tinawatenga pabwato ine ndi Nang Sising kuti akaione nyumba yawo. Anagona chafufumimba n'kuyang'ana pansi kudzera m'bokosi lagalasi. Pazenera panatuluka mutu wa mkunga waukulu, unayasamula, n'kubwerera m'kati. Mphepo inali itayamba, bwato likugwedezeka, mafunde akumenya m'mbali. Ndinagwira nkhafi, podziwa kuti tsopano ayamba kupempha oyera mtima onse kuti tibwerere kumtunda.

"Berting, nyanja yakwiya," anatero Nang Sising. "Tiyeni."

Iwo sanadzutse mutu.

"Ikwiye. Tidikire pang'ono, mwina mkungawo utulukanso."