Ndege ya Apongozi Inamira Padamu

Ndikamapita kumudzi kwa akazi anga, kufupi ndi Nyimba, ndimadzera njira yakuseri kwa madimba. Anthu akumeneko sanaiwale, ndipo sindiwaimba mlandu.

Apongozi anga, aMwanza, anali ndi nkhani imodzi yomwe sankatopa nayo. Amati ali mnyamata, akugwira ntchito kumpoto, anaona ndege ikutera panyanja, ili ndi mabwato awiri m'malo mwa matayala. Palibe anawakhulupirira. Anzawo apansolo, makamaka aNjobvu, anawapatsa dzina loti aBwato.

Atawagoneka kuchipatala ku Minga chaka chatha, ndinachoka ku Petauke komwe ndimaphunzitsa kukawazonda. Ndinawaonetsa pafoni chithunzi cha ndege yotero. Anachiyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge.

"Ndiyo yamene iyi," anatero. "Koma aNjobvu azakamba ati ni boza la mufoni."

"Osadandaula, atate. Nizamusemelani yogwila na manja, aione iyandama."

(Ine amene ndinali ndisanasemepo ngakhale mpini wa khasu!)

Ndinasankha mtengo wa mupani poti chiswe sichiudya. Kalipentala amene anandibwereka tchizulo ndi kasemasema anandifunsa kawiri ngati chinthucho ndidzachiikadi m'madzi. Ndinamukumbutsa kuti ine ndine mphunzitsi wa masamu.

Ndinasema miyezi iwiri, ndikuyeza chilichonse ndi rula kuti mapiko, mchira ndi timabwato zifanane ndi zenizeni. Phiko loyamba linathyoka. Lachiwiri linatuluka lalifupi. Pa lachitatu tchizulo inaphonya, chala changa chachikulu n'kukasokedwa kuchipatala. Koma ndegeyo itatha inali yokongola, yoyera ndi mzere wofiira, yolemera ngati mwana wa miyezi itatu (apa ndi pomwe munthu wanzeru akanadabwa). Akazi anga anati ndiyambe ndaiyesa m'bafa. Ndinakana, kuopa kuwononga penti.

Apongozi atatuluka m'chipatala, tinawakweza pangolo kupita kudamu lomwerako ng'ombe. Mudzi wonse unatitsatira, aNjobvu patsogolo. Ndinavula nsapato, kupinda thalauza, n'kuika ndege pamadzi. Ndinaikankha pang'ono.

Inayenda mikono iwiri. Kenako mphuno inawerama, mchira unaloza kumwamba, tinangoona thovu.

Ndinathamangira kukaivuula, koma ndinatitimira m'matope mpaka m'chiuno. Anachita kundikoka amuna atatu ndi chingwe cha ng'ombe. Ine ndinatuluka, thalauza linatsala komweko ndi ndege, amayi onse akuona, kuphatikizapo apongozi aakazi.

Kenako aNjobvu anavula chipewa mwaulemu.

"Pepani aMwanza. Nanga anthu anali mukati mwa ija ya kunyanja, munapita ku malilo kwao?"

Phwete linamveka mpaka kumsewu. Apongozi aamuna sanaseke, sanakalipe. Anavula jekete lawo n'kundipatsa kuti ndimange m'chiuno.

"Mwayesa, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Koma ija siinamile."

Anamwalira patapita milungu itatu. Pamaliro aNjobvu analira kuposa tonse, ndipo anauza anthu kuti malemu anali munthu wachilungamo pa zonse, kupatula nkhani imodzi.

Ndasema ina, ya mtengo wa malaina wopepuka. Mwezi watha ndinakaiyesa kumtsinje ndili ndekhandekha, ndipo inayandama bwinobwino. Ndinakhala pamwala n'kumaiyang'ana, mtima ukuwawa. Akazi anga akuti ndipite nayo kumudzi aNjobvu akaione asanafe nawonso. Ndavomera. Koma ndayamba ndagula lamba wolimba.