Mndandanda wa Madzi Watsala M'foni Yakale

Lolemba

Foni yafika. Msuweni wanga Mavuto waitumiza kuchokera ku Joni, yokulungidwa m'sokosi. Aifoni! Kumbuyo kuli kachipatso kolumidwa. Kuchokera ku Mua mpaka ku Mtakataka ndikudziwa munthu mmodzi yekha amene ali nayo, ndipo naye ndi wongodutsa pa galimoto.

Zaka ziwiri ndi theka ndinakhala pa yunivesite. Amene ndinkawalembera ntchito za m'kalasi lero ali m'maofesi ku Lilongwe, akunenepa makosi. Ine ndine mlembi wa madzi m'buloko yathu ku sikimu ya mpunga. Ndimasunga mndandanda wa yemwe atsegule ngalande, tsiku liti, ola liti. Alimi makumi atatu ndi awiri. Mpando waung'ono, inde, koma ndi malo okhawo padziko pano pomwe anthu amati "tifunse alembi." Loweruka kuli chisankho. Sindikufuna kuutaya.

Pulani:
1. Kusamutsa zonse za mu androidi yakale kupita mu yatsopano.
2. Loweruka kuima kutsogolo ndi kuwerenga mndandanda, kachipatso kataloza anthu.
3. Kusankhidwanso popanda wopikisana naye.

Yakale ija ndachotsamo simu ndi memore, ndipo ndaipereka kwa apampando athu, a Mbewe, pamaso pa anthu pa geti la ngalande. Yawo ndi ya mabatani, yomanga ndi mphira. "Tengani bambo, ine kumeneko ndadutsako." Alandira ndi manja awiri. Mavoti asanu amenewo, kuphatikizapo akazi awo ndi alamu awo.

Lachiwiri

M'mawa wonse ndikufunafuna polowetsera memore. Pamwamba palibe. M'mbali mulibe. Ndatokosa kabowo kena ndi munga. Ndi ka sipika.

Njinga mpaka ku Golomoti, kwa Yusufu wokonza mafoni, munthu wa Sitandade 7 amene amanditchula "Pulofesa" osaseka. Aitembenuza kawiri. "Wallahi Pulofesa, iyi silowa memore. Ndi mtundu wina. Bweretsani yakale ija tiziike pamodzi, mwina zimvana."

Mphatso ya dzulo sindingakaiitanitse lero. Ndamuuza kuti zonse zili m'memore, asandiphunzitse. Waiika m'kompyuta yake. Zomwe zilimo:
- nyimbo za kwaya
- ine nditavala gauni la mnzanga tsiku lomwe iye ankalandira digiri, zithunzi khumi ndi chimodzi
- kanema wa mbuzi itakwera njinga yamoto

Mndandanda mulibe. Akuti ndinaulemba m'kabuku ka m'foni momwemo, ndiye watsala kumeneko.

Palibe vuto. Ndili ndi mutu. Munthu amene anakhoza masamu a chaka chachiwiri sangagonje ndi maina makumi atatu ndi awiri.

Lachitatu

Sabata yachitatu mvula idulireni. Mpunga wayamba kufiira kunsonga. Aliyense akusunga ola lake la madzi ngati ola lomwera mankhwala.

Ndikugawa madzi kuchokera m'mutu. Sikisi koloko pa geti pafika anthu awiri, a Kamwendo ndi a Jere, aliyense ndi khasu, aliyense akuti ndinamuuza ine. Zoona, ndinawauza onse awiri. Ndatulutsa aifoni n'kuiyang'anitsitsa kwa mphindi ziwiri, nkhope ya ofesi. Munali chithunzi cha mathithi a dziko lina. "Sisitimu ikuti a Jere."

A Kamwendo: "Sisitimuyo ibwere idzaone mpunga wanga."

Masana batire yatha. Tchaja Mavuto sanatumize. Ndayenda nyumba zonse za sola m'mudzi muno, palibe tchaja yolowa. Amayi anga: "Yakale ija inkadya paliponse ngati nkhuku. Iyi ndi mlendo wodwala shuga?"

Anthu a kuno saona kusiyana pakati pa kusankha ndi kudwala.

Lachinayi

Golomoti kachiwiri. Tchaja yapezeka kwa dalaivala wina wa minibasi, ndipo Yusufu waibwereka kwa ola limodzi. Foni yayaka. Tsopano ikufunsa pasiwedi ya mwini wake woyamba. Ndaimbira Mavuto. "Aaa msuweni, inenso anangondipatsa abwana. Yesani dzina la galu wawo." Dzina la galuyo salidziwa.

Kuimba ikuimba. Kulandira ikulandira. Kuikamo china chatsopano ikukana. M'gulupu ya pafoni ya buloko sindingalowe. Mlembi wa madzi ali kunja kwa gulupu ya madzi!

Pobwerera, ndili pa mlatho, ndakumbukira kanthu. Ndatsika njinga.

Mndandanda uja sindinaulembe m'maina a ubatizo. M'buloko mwathu muli a Phiri asanu ndi a Banda anayi, ndipo munthu wophunzira amapeza njira yowasiyanitsira. Ndinalemba aliyense monga momwe alili. Nditayamba ndi a Phiri sindinaone chifukwa chosiyira enawo.

Foniyo ilibe loko. Ndinachotsa ndekha Lolemba, kuti a Mbewe asavutike.

Chonditonthoza: a Mbewe saona zilembo zazing'ono, ndipo dzulo ndinawaona akuiyankha mozondotsa.

Lachisanu

Ndapita kwa a Mbewe ngati wodzacheza. "Ndimati ndiipukuteko pang'ono m'kati, ili ndi kachilombo."

"Ili ndi mayi. Iwo ndiye aizolowera msanga."

Mayiwo, akazi awo, ndi a Nabanda. Ndi amene amawerenga mawu kutchalitchi osaphonya chilembo. M'mndandanda dzina lawo ndi Wayilesi.

Atuluka, foni ili m'manja, yavekedwa kale kathumba koluka. Andilonjera bwinobwino, mpaka kufunsa za nkhuku zathu. Kenako: "Alembi, musavutike, mndandanda wanu taupeza. Mawa ndikakuwerengerani ine, poti ndamva kuti yatsopano ija ikupuma." Amwetulira. Andipatsa nthochi ziwiri.

Ndadya imodzi panjira.

Njira zotsala:
1. Kudwala.
2. Maliro ku Salima. Koma dzina la khalidwe limeneli ndinapatsa kale munthu.
3. Kunena kuti ndi makodi a sayansi.

Ndasita malaya. Munthu ukafika potere umangosita malaya.

Loweruka

Msonkhano pansi pa mtengo wa pa geti. Khamu ngati logawidwa feteleza. Abwera ndi amene alibe puloti m'buloko muno. Wayilesi yagwira ntchito yake. Ine kutsogolo, aifoni m'thumba la malaya, kachipatso kakusuzumira, batire ziro.

A Mbewe akuti madzi asagawidwenso kuchokera m'mutu mwa munthu. Mndandanda uwerengedwe monga unalembedwera. Womva dzina lake ayankhe. Wosayankha, sabata ino alibe madzi. Atatero akhala pansi.

A Nabanda aimirira. Mawu a kutchalitchi aja.

"Lolemba, sikisi koloko: Wakuba Madzi Wamkulu."

Mitu yonse yatembenukira kwa a Kamwendo. Iwo ayang'ana kumwamba, kulibe mtambo. Ayang'ana ku puloti yawo. "Ndilipo."

"Naini koloko: Wakuba Madzi Wamng'ono."

A Jere adzambatuka. "Ine wamng'ono kwa Kamwendo? Iyeyu wayamba liti?" Auzidwa kuti angoyankha. Ayankha.

"Ndinali Kumaliro." Ayankha anthu awiri. Komiti yagamula kuti ndi a Phiri akumtunda, poti agogo awo aikidwa katatu chaka chino.

"Mawa Ndibwera." Sanabwere. Ayankhira akazi awo.

"Mwini Mbuzi Zija." Ndilipo.

"Ndikanakhala Ine." Ndilipo, koma ndikanakhala ine sindikanalemba choncho.

"Tulo." Apampando agwedezedwa paphewa kuti ayankhe.

"Wayilesi." Awerenga okha, ayankha okha, osaphethira n'komwe, n'kupitirira ku dzina lotsatira.

Ndilembe pano, poti palibe wina adzalemba: maina makumi atatu ndi awiri, palibe limodzi lomwe lasowa mwini. Palibe wafunsa kuti ameneyu ndi ndani. Ku yunivesite zoterezi amati kafukufuku, ndipo anthu amavalira gauni.

Andipatsa mpata wolankhula. Ndafotokoza za makodi a sayansi. Palibe waseka. Mbuzi imodzi mwa mbuzi zija yalira.

Chisankho, chokweza manja. A Nabanda: manja osawerengeka, ena awiriawiri. Ine: dzanja limodzi, langa. Amayi anga anali akumanga duku, ndipo duku lawo limafuna manja onse awiri.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Owerenga mawu lero ndi omwewo.

Amayi abwera ndi nkhani. Mlembi watsopano wakopera mndandanda wonse m'kope la sukulu, ndi bolopeni, akuti kope silifunsa dzina la galu. Komiti yagwirizana kuti maina anga akhale momwemo, chifukwa chiyambire sikimu aka n'koyamba a Phiri asanu kusalimbirana ola limodzi. Zikomo palibe.

Vuto linali mzere umodzi wokha. Pa ola langa ndinalemba kuti "Mlembi," ndipo dzinalo tsopano lili ndi mwini wina. Pafunika latsopano. Amayi akuti sizinawatengere nthawi. Ndafunsa kuti anapereka ganizo ndani. Ayamba kumanganso duku.

Aifoni ili pawindo. Ikazima galasi lake limaonetsa nkhope bwino, ndiye amayi akumangira dukulo pamenepo.

Ola langa la madzi ndi thu koloko masana. Dzuwa la ku chigwa kuno, lija lopsereza ndi mthunzi womwe. Ndafika pa geti ndi khasu. Anthu alipo ambiri kuposa ofunika potsegula ngalande imodzi. A Kamwendo abwera ndi kampando.

A Nabanda atsegula kope, anyowetsa chala.

"Thu koloko: Sanamalize."

Ndaima. Ndayang'ana kumwamba, kulibe mtambo. Ndayang'ana puloti yanga. Masamba apindika ngati ndudu, nthaka yang'ambika mpaka chala kulowa.

"Ndilipo."

Madzi alowa bwino.

Dzinalo, kunena mwachilungamo, si loipa kapekedwe. Lalifupi, ndipo palibe wafunsa kuti ameneyu ndi ndani.