Mphuno ya Che Alawi

Pa Chiwanga ponse panali munthu mmodzi yekha amene ankaphika chakumwa mwaulemu wonse, n'kuchikokera m'kamwa ndi phokoso lakuti fyooo, kenako n'kuchilavulira pansi. Munthuyo anali Che Alawi, chakumwacho khofi. Sindikunena khofi wa m'timapaketi wa pagolosale, amene iwo ankamutcha fumbi la pamsewu. Wawo anali wanjere, wosakazinga, amene mphwawo wa ku Lichinga ankawatumizira pa minibasi ija timati shapa kuchokera kumapiri. Ankamukazinga okha pachiwaya mpaka ade bii n'kutuluka mafuta. Iwo ankati apo ndiye khofi wavala mkanjo wa pa Idi. Ife tinkati ndi zitosi za mbuzi zodzola mafuta.

Matendawa anawatenga ku Malawi kumene anathawira nthawi ya nkhondo. Kumeneko ankatsuka makapu pa esiteti ina, m'chipinda cha akatswiri olawa khofi, ndipo ankati akatembenuka mabwanawo, iwo amvekere supuni m'kapu. Mtendere utabwera anzawo anabwerako ndi njinga, malata ndi mawailesi. Che Alawi anabwerako ndi supuni imodzi ndi mphuno.

Komatu inali mphuno! Ali pakhonde la mzikiti ankadziwa kuti bwato limene likubwera lapha utaka kapena chambo. Tsiku lina a Samisoni, msodzi mnzawo wakale, anadutsa atanyamula buku la nyimbo.

"Bondiya, a Samisoni. Mukuchokera kuti?"

"Kukwaya, Che Alawi."

"Kwaya yanuyo masiku ano ikuimbira pafupi kwambiri ndi mbiya ya kachasu."

Tsoka linali kudutsa pakhomo pawo khofi atangophikidwa. Ankakuika pampando, kakapu m'manja, iwo maso pa iwe.

"Mwamva chiyani?"

"Kuwawa."

"Kuwawa ndi pakhomo chabe, lowani m'nyumba! Mtedza wokazinga simukuumva? Shuga wopserera? Kumapetoko kuli kautsi ka nkhuni za msuku, mudikire kafike."

Tinkadikira, koma sikankafika. A Samisoni anatulukira nzeru yomangoyankha kuti chokoleti, chokoleti, mpaka tsiku limene anayankha asanamwe n'komwe. Wina anapemphapo shuga ndi mkaka, ndipo mwezi wathunthu moni wake sunkayankhidwa.

Kuseri kwa mpanda wabango kunkakhala a Magalita, mayi wamasiye wochokera ku Msumba, woyanika usipa, pakamwa ngati lumo. Zaka khumi ndi zisanu awiriwa anakangana za utsi. A Magalita ankati zovala zawo za ku tchalitchi zikununkha ngati nyumba yopsa. Che Alawi ankati munthu wogona ndi matumba a usipa alibe ufulu wodandaula za fungo. M'mawa wina a Magalita anakuwa ali kwawo:

"Che Alawi! Khofi wanu wa leroyu wayenda ulendo ndi anyezi!"

Mkuluyo anafwenthera, koma madzulo anakafunsa dalaivala wa shapa, ndipo zinali zoona: kathumbako kanakhalira thumba la anyezi kuchokera ku Lichinga mpaka ku Metangula. Anabwerera akuyenda ngati munthu waona malodza.

"A Magalita, mphuno yotereyi mukuiwonongera pa usipa?"

"Usipawo ndi umene umandidyetsa. Anu malovuwo amadyetsa ndani?"

Ankanena choncho, koma kuyambira pamenepo kakapu kankadutsa pamwamba pa mpanda. Ndipo a Magalita, amene ankalumbira kuti sangamwe mankhwala a malungo asakudwala, anayamba kumva zinthu. Ankadziwa nthawi imene fungo la udzu wouma limasanduka la buledi, buledi n'kusanduka mtedza, mtedza n'kulowa m'kafungo kolemera kamene kamangokhala kanthawi kochepa khofi asanasanduke makala. Kanthawi kameneko ndiko kanali moyo wonse wa Che Alawi.

Ukalamba unawadya mwa dongosolo. Makutu anatsogola, maso anachita ng'ala, ndipo iwo ankangoseka, amvekere bola mwini nyumba alipo, akuloza mphuno. Kenako chinabwera chimfine choopsa chija, ndipo chitapita chinapita ndi mwini nyumbayo. Anaitanira a Magalita kuseri kwa mtengo wa mango, nawauza monong'ona, kunong'ona kwa munthu wogontha kumene kunathawitsa nkhuku.

"Yapita. Dzulo ndanunkhiza parafini, ndimayesa madzi."

"Ndiye siyani kukazinga, mupume."

"Ndikasiya ndikhala ndani? Mundibwereke yanuyo. Koma asadziwe munthu, ngakhale Kauthar mwana wanga."

Vuto linali lakuti a Magalita awauza bwanji kuti nthawi yophula yakwana. Kutsokomola sangamve, kukupiza dzanja sangaone. Mapeto ake anatenga chingwe cha mbedza, nachimanga kuchala chachikulu cha kumwendo kwa Che Alawi, nachidutsitsa pansi pa mpanda. A Magalita ankakhala mbali yawo n'kumasankha usipa, chingwe chili m'dzanja. Kanthawi kaja kakafika, ankakoka kamodzi. Che Alawi ankatukula mphuno kumwamba, kununkhiza kawiri mwaukatswiri, n'kulengeza kuti zatheka, amvekere, "Prontu!" Ife tinkagwedeza mitu kuti mkuluyu ndi mfiti. Chaka chathunthu anawedzedwa chomwecho m'mawa uliwonse, mudzi wonse osadziwa kanthu.

Ndiye unabwera ukwati wa mdzukulu wawo Yasmini. Mwamunayo anali wa banja la amalonda a ku Metangula, ndipo wamkulu wa banjalo, Che Hamoud, ankadziwika kuti kwawo khofi, amene iwo amati kahawa, anayamba kumwa makolo awo akuyendabe ndi zombo za matanga. Che Alawi anatha mwezi akudzitama. Anaitanitsa njere zapadera, chitini chimodzi chokha, ndipo ankagona nacho kumutu.

"A Magalita, tsiku limenelo dzina langa lili m'dzanja lanu."

"Ndinayamba ndakutayani liti ine? Khalani chete."

Tsono mvula inali itaononga msewu milungu itatu. Palibe galimoto ya ogula usipa imene inafika, ndipo matumba a a Magalita anali atayamba kuchita chinyontho. M'mawa wa ukwati, chiwaya chitangokhala pamoto, kunamveka hutala kugombe. Anali Leonardo, wogula wa ku Lichinga, ndi lole yake. Amayi onse anatuluka ndi matumba pamutu. A Magalita ananunkhiza: udzu wouma, ngakhale buledi sanafike. Anadziuza kuti angothamanga, atule, abwerere. Anamangirira chingwe pa mzati wa mpanda, nanyamuka.

Kugombe kunali chipwirikiti. Leonardo ankanyoza usipa wa aliyense, a Magalita anamutsuka mkamwa, usipa unagulidwa. Mpaka apo munthu angawamvetse. Koma atamaliza sanabwerere. Alendo a ku Metangula anali akutsika m'galimoto, ndipo panali nsalu zoti munthu uzione n'kuzikambirana. Anaima ndi anzawo, akuseka mayi wina amene nsapato zake zazitali zinkamira mumchenga. Chingwe chinachoka m'mutu mwawo.

Chinawakumbutsa ndi mphepo. Inabwera ndi mtedza, kenako kafungo kolemera kaja, kokoma kuposa masiku onse. Akanathamanga pomwepo mwina akanapulumutsa theka. Koma anaganiza kuti anthu afunsa chimene akuthamangira, ndipo manyazi anawagwira miyendo. Anaima pomwepo akumva fungo likusanduka utsi, utsi n'kusanduka tayala lopsa.

Kunyumba Kauthar anaona utsiwo.

"Baba, sanapse ameneyo?"

"Iwe, mphuno ndi yanga kapena yako? Kaone mpunga."

Ndani akanawatsutsa Che Alawi pa khofi? Anapitiriza kutakasa, chala chili tcheru, kudikira munthu amene sanawatayepo. Anaphula atamva moto ukuwanyambita dzanja. Njere zina panalibe, nthawi panalibenso. Anasinja, anaphika, navala mkanjo wawo woyera.

A Magalita anaonera zonse ali kumbuyo kwa amayi. Tikapu tinazungulira pamphasa. Che Hamoud anamwa, maso awo anadzaza misozi, koma poti ndi munthu woleredwa bwino anangoti, "Kahawa yamphamvu." Mlendo wina anatsokomola mpaka chisoti chinagwa. A Samisoni, mwa chizolowezi, anayamba kuti "Choko..." n'kulephera kumaliza. Ndipo Che Alawi anamiza supuni yawo, nakoka fyooo. Mphuno inali itafa, koma lilime limadziwa phulusa. Tonse tinadikira kuti alavule. Sanalavule, anameza.

"Alendo athu, pepani," anatero. "Mphuno yanga inamwalira chaka chatha. Ndinachita manyazi kulengeza maliro."

Za chingwe sanatchule. Ukwati unapitirira ndi tiyi, ndipo Yasmini ali pabanja lake bwinobwino mpaka lero. Koma dzuwa lisanalowe dzina linali litabadwa: Che Makala. Tisanamizane, tonse tinalitchula. Mayi akapsereza ndiwo ankati waphika za Che Makala. Asodzi ankawafunsa ngati thumba la makala latsika mtengo. Iwo ankangomwetulira, kaya sankamva, kaya ankamva. Tsiku lina kumathandala oyanikira usipa wina anawayerekeza mmene ankatukulira mphuno, amayi onse anagwa nako kuseka, ndipo a Magalita anaseka nawo poopa kuti akakhala chete afunsidwa. Kuseka kumeneko kunawawawa kuposa khofi aliyense amene anamwapo.

Chingwe anachipeza m'mawa mwake chitakulungidwa bwino, chitapachikidwa mbali yawo ya mpanda. Chiwaya sichinakhalenso pamoto. Katatu konse a Magalita anapita kukapepesa, ulendo uliwonse ndi chambo m'mbale, ndipo katatu konse anabwerera asanapepese.

"Che Alawi, tsiku lija..."

"Eee? Chambo? Chonona ichi. Mwagula kwa ndani?"

Kukuwa kuti wogontha amve kukanakhala kuuza mudzi wonse. Choncho ankakamba za chambo, n'kubwerera kwawo akudziuza kuti mawa. Mawa linatha m'mwezi wa mwera, pamene Che Alawi anagona masana pampando wawo osadzukanso.

Pa sadaka ya arubaini, patatha masiku makumi anayi, amayi a mzikiti ndi a tchalitchi omwe anasonkhana kuphika. Mpunga wa m'poto wina unagwira pansi, ndipo wina anati, "Eni ake abwera kudzatithandiza, Che Makala." Kuseka kutangoyamba, a Magalita anaponya chipande pansi.

"Musawatchulenso choncho! Anapsereza khofi uja ndine!"

Ananena zonse, za chimfine, za chingwe, za lole ya Leonardo, misozi ikutsika. Amene anayankha ndi Kauthar, ndipo anayankha mofatsa.

"Chingwecho ndinawamasula ndine kuchala, mayi. Chinawadula mpaka magazi, chifukwa ankachikoka okha kuti mwina mwagona. Ndinafuna kubwera kwanu tsiku lomwelo, koma anandiletsa. Anati, 'Usipa wa a Magalita ukanaola akanadya chiyani? Khofi sakhutitsa munthu.'"

A Magalita akanatha kulandira chikhululuko chimenecho n'kukhala chete. Koma chinali chikhululuko cha mlandu wina, osati wawo.

"Usipa ndinali nditagulitsa kale, mwanawe. Ndinaima n'kumaseka nsapato za mlendo. Fungo ndinalimva, koma ndinachita manyazi kuthamanga."

Kauthar anatola chipande chija, nachipukuta ndi nsalu yake, nawabwezera.

"Zimenezo mukanawauza eni ake, mayi. Ine ndilibe pozitengera."

Dzina la Che Makala linafera pomwepo, litachedwa ndi masiku makumi anayi. Palibe anatiuza kuti tisiye, tinangoyamba kuyang'ana pansi wina akalikumbuka. M'mawa wa pa Chiwanga tsopano umanunkha usipa ndi utsi wamba wa nkhuni, ndipo njira ya kumzikiti timadutsa momasuka, popanda wotigwira mkono kuti tikhale pampando. Ufulu umenewo sukoma monga tinkaganizira. A Samisoni anasiya kudutsa kumeneko, amazungulira kugombe.

A Magalita akuyanikabe usipa, pakamwa pakadali pakuthwa ndi ogula. Koma ukawapeza okha pafupi ndi mpanda n'kutchula mkuluyo, amapukusa mutu mokwiya ndithu.

"Zaka khumi ndi zisanu anandikalipira chifukwa cha fungo la nsomba," amatero. "Tsiku limodzi lokha limene ndinayenera kukalipiridwa, anakhala chete. Nanga tsopano ndikapepese kwa ndani?"