Therere la Masomphenya

Lolemba, 6 Malichi 2006
Kuno ku South Bend, ku Amereka, kukuzizira, mtima suli m'malo. Chaka chatha chimwalirireni bambo. Maliro sindinapite chifukwa cha mapepala, chithunzi chawo ndilibe, kutulo sabwera. Nkhope yawo yayamba kundithawa ndipo zikundiwawa. Travis, mnzanga wa kuntchito, akuti kuli kakitasi wina wake, chomera chaminga cha m'chipululu, ukamwa madzi ake umaona ngakhale akufa. Ine ndikungofuna mphindi zisanu.

Lachiwiri
Ndagula kakitasi m'sitolo ya anthu a ku Mexico. Mayi wogulitsa akundifunsa ngati ndikufunanso anyezi. Anyezi! Akubisa chinsinsi, ndawatulukira.

Lachitatu
Zotsatira za lero:
minga m'zala zonse
alamu ya utsi yalira kawiri
aneba agogoda
masomphenya: ziro

Lachinayi
Travis akuti, "Uyenera kupyurifaya." Ndimufunsa kuti bwanji, akuti iyenso anangowerenga pa intaneti. Munthu wa chabechabe! Ndasefa ndi sokosi yatsopano. Zatuluka zobiriwira, zoterera, ukatunga ndi supuni sizikuduka.

Lachisanu
Ndikuzungulira mphika. Kukhala pansi, kudzuka, kuvundukula, kuvundikira. Nanga bambo akabwera n'kundifunsa kuti ndawaitana ndi chiyani? Ine wa kwaya! Ndimwa mawa.

Loweruka
Ngozi!
Mayi Gondwe, amene amanditenga popita ku mapemphero a Amalawi ku Indianapolis, alowa mpaka kukhitchini. Mphika vundukulu. "Therere! Mwana iwe, ku Amereka kuno ukudya therere wekha?" Athiramo tomato ndi mchere, mphika uja m'galimoto, ndipo ndaufukata maola atatu.
Adya onse. Abusa mbale ziwiri. Ine ndaima pakona, thukuta kamukamu, kudikira woyamba kulankhula ndi khoma. M'mutu: apolisi, ndende, ndege yobwerera kwathu.
A Nkhoma, mkulu wa ku Lawrence amene anaphunzira ndi bambo, asiya supuni, akundiyang'anitsitsa. Basi, zayamba!
"Yeremiya!" Dzina la bambo.
"Ndiwe mwana wa Yeremiya, eti? Chipumi chake, mphuno yake, ndi thukuta lomwe. Bambo ako akapalamula kusukulu ankaima chomwechi."

Lamulungu
Palibe waona kanthu, palibe ngakhale wotsekula m'mimba. Travis waunguzanso pa intaneti: ndinagula kakitasi wa ndiwo, amene anthu amadyera mazira. Mayi Gondwe aimba foni: "Mwezi wamawa miphika iwiri, usatikhumudwitse." Ndavomera. Ndikanatani?
Za masomphenya ndazisiya. Ndatsuka mphika, ndataya sokosi. Ndalowa kubafa kuti ndimete ndevu, koma lezala ili m'manja, ndangoima pagalasi. Ndakweza chibwano, ndatsinya nkhope pang'ono.
"Mwadzuka bwanji, bambo?"
Ndevu ndazisiya, zikule ngati zawo.